Lole Yomwe Sidafike ku Mochale

Rotherham, 4 February 2024

Aida mlongo wanga,

Rowland, mwana wako. Ndayamba ndi dzina lake dala, moni abwera pambuyo. Mwana wanga Ennie wandiuza kuti mwana wakoyo akufunafuna adiresi yanga, akuti kampani ya malata a Nsomba Ziwiri yandikumbuka. Papita zaka khumi ndi ziwiri chindichotsereni ntchito. Andikumbuka lero bwanji? Denga layamba kuwadonthera?

Tsono moni. Ine ndilipo, ngati kumeneku n'kukhalapo. Katatu pa sabata galimoto ya chipatala imanditengera ku Sheffield, amakandilumikiza ku makina otsuka magazi maola anayi, ndikubwerako ngati chisanza chofinyidwa. Adokotala akuti za ulendo wa kumudzi ndiiwale. Ennie ali bwino, koma mashifiti a unesi amutha thupi. Ana ake ndikawalankhula Chichewa amandiyankha m'Chingerezi, ngati ndine munthu wa ku khonsolo.

Kalatayi ndapatsira Agatha wa kutchalitchi kwathu, amene akubwera ku tchuthi. Nkhaniyi sindingailankhule pa foni, chifukwa foni ndi ya Ennie, ndipo mwana wangayo mpaka lero amakhulupirira kuti imfa ya mayi ake idandigwetsera m'botolo.

Ndikukumbutse, poti iwe ndi mwana wako mumaiwala msanga. Ndidalowa kwa a Guo, eni kampaniyo, ngati dalaivala fakitale ya ku Kanengo isanamangidwe n'komwe mpanda. Mtchaina uja Chichewa ankachiphwanya, koma anthu ankawadziwa. Ankandifunsa kuti, Yotamu, wa hadiweya wa ku Madisi uja mkazi wake wachira? Ndikati wachira, mwana wamwamuna, tinkanyamula shuga ndi sopo, ulendo. Kwa wogulitsa malata athu kukagwa maliro, lole ya kampani inkanyamula bokosi ndi anamfedwa, a Guo n'kukhala pansi pa mtengo ndi azibambo mpaka mwambo wonse utatha. Ankati kwawo zimenezi amazitcha gwanshi. Ine ndinkati kwathu timangoti kukhala ndi anthu. Pa wayilesi sitidalengezepo, koma kuyambira Lumbadzi mpaka Nkhamenya ukakwera pachulu unkangoona malata athu.

Rowland adalowa pakampanipo ndi gwanshi yemweyo. Adagwada ndine, kumupemphera malo atamaliza dipuloma yake. Chaka chisanathe anali atayamba kuuza a Guo kuti maliro sagulitsa malata, ndalama zizipita ku zikwangwani ndi ku wayilesi.

Mu Ogasiti 2012, a Guo ali ku China, mayi Tereza adamwalira ku chipatala ku Lilongwe. Amuna awo, a Thompson Chimwaza a ku Mponela kwanuko, ndiwo ankatigula malata ochuluka kuposa aliyense. Ndidawalonjeza ndi pakamwa panga kuti lole ifika ku mochale 6 koloko m'mawa. Nditafika ku fakitale ndidapeza lole palibe. Rowland anali atapatsa makiyi dalaivala wina, atakweza zokuzira mawu ndi atsikana ovina, ulendo wa ku Salima kukalengeza malata. Thupi lidadikira mpaka dzuwa kupendeka, adzukulu atakumba kale. Lidapita pa kapikapu konyamula makala. Kenako mwana wako adauza a Chimwaza, pambuyo pake a Guo, kuti Yotamu adagona kumowa ndipo za lole sadauze munthu.

Iwe udabwera kwanga ukulira. Achimwene khalani chete, mwana wangoyamba kumene ntchito, mkazi wake ali ndi pakati. Ndidakhala chete.

Undiyankhe kuti akufuna chiyani, ndipo undiuze ngati a Chimwaza akali moyo. Agatha umupatsire mfutso wa khwanya, masamba a kuno ndi madzi okhaokha.

Ndine mlongo wako,
Yotamu

Mponela, 3 March 2024

Okondedwa achimwene,

Moni wochuluka kwa inu, kwa Ennie ndi bambo a kunyumba kwake, ndi adzukulu anga osamva Chichewawo. Kuno tili bwino, kupatula maondo angawa ndi chimanga chomwe chapserera ndi dzuwa.

Kalata yanu ndailandira. Ndidaganiza kuti kuzizira kwa kumeneko kudakuziziritsani mtima, koma ayi, mukali otentha ngati mbaula. Tsiku, ola, mtundu wa galimoto, zonse mukuzikumbukira. Tsiku langa lobadwa lokha ndilo simudalidziwepo.

A Guo adamwalira chaka chatha kwawo ku China. Kampani yatengedwa ndi mwana wawo wamkazi, dzina lake Meilin, kamtsikana kochepa thupi koma koyang'ana munthu m'maso. Zinthu sizili bwino, achimwene. Zikwangwani zawo zili paliponse, nyimbo yawo ya pa wayilesi ana amaiimba popita kusukulu, koma m'mashopu muli malata a makampani ena. A Chimwaza adachotsa malata a Nsomba Ziwiri sabata yomwe ija ya maliro, ndipo mukudziwa kuti wa ku Madisi ndi mlamu wawo, wa ku Kasungu amapemphera nawo mpingo umodzi. Adatsatira mmodzimmodzi.

Mtsikanayo wayenda mashopu onse yekha. Akuti paliponse pomwe wafika amamufunsa zinthu ziwiri: bambo ako ali kuti, ndipo a Yotamu ali kuti. N'chifukwa chake akukufunani. Kwa a Chimwaza kokha ndiko adamubweza pakhomo. Iwowo ali moyo, koma adachita sitiroko. Amangokhala pampando pakhonde la shopu kuyang'ana msewu, bizinesi akuyendetsa ndi mwana wawo Peace.

Rowland adabwera naye kuno madamuyo. Adandibweretsera mafuta ophikira ndi chitenje cha nsomba ziwiri. Akuti akufuna kukulemekezani. Ine ndikuona ngati apa mwana akupepesa m'njira yake. Ana a masiku ano sagwada, achimwene, amapepesa ndi zinthu. Musaumitse khosi. Mwinanso nyumba yanga ino, yomwe ikudontha pamwamba pa bedi penipeni, ingaone malata atsopano.

Kalata yake ili m'envelopu yomweyi. Mfutso ndapereka. Wina akamabwera munditumizire magalasi owerengera, a nambala 2, ndi mafuta opaka m'maondo aja.

Ndine mlongo wanu,
Aida

Lilongwe, 1 March 2024

Malume,

Ndikhulupirira muli bwino ndipo treatment ikuyenda. Ife kuno tili bwino, ana anayi onse ali pasukulu.

Ndikudziwa kuti kale panali kusamvana pang'ono pa nkhani ya transport, koma tonse takula tsopano. Ndikulemba ngati mphwanu komanso ngati Head of Marketing.

Madamu Meilin anaphunzira ku Sheffield konko. Research yawo inali yoona makampani a ku China, kuti amene amaika ndalama pa kulengeza malonda ndi amene amaika pa maubale, amachita bwino ndi ati. Akuti anapeza kuti advert imakweza sales mwachangu koma zimatsikanso mwachangu, pamene ubale umachedwa koma umasunga customer. Akuti ziwirizi zimafunika kuyendera limodzi, ndipo ife tinataya mwendo umodzi. Ine mfundoyi ndaigwira bwino kwambiri, moti ndakonza campaign yaikulu yotchedwa Ubale Wathu. Tiika zikwangwani khumi ndi ziwiri mu msewu wa M1, jingle yatsopano, ma T-shirt ndi makalendala. Budget yavomerezedwa kale.

Kwa inu tikupempha zinthu zitatu. Choyamba, list ya ma dealer onse akale ndi abale awo, ndani anakwatira kwa ndani, amapemphera kuti, kuti tiike mu database. Chachiwiri, kavidiyo ka mphindi ziwiri mutavala kapu ya kampani. Tili ndi wojambula ku Sheffield. Chachitatu, chilolezo chogwiritsa ntchito chithunzi chanu chakale chomwe tachipeza mu ofesi. Inu ndinu face ya campaign imeneyi, malume. Anthu amakukondani kumidziku, ndipo imeneyo ndi asset.

A printer akufuna zonse pofika pa 20 April. Padzakhala kangachepe kothokoza.

Mphwanu,
Rowland

Rotherham, 7 April 2024

Rowland,

Moni ndalandira. Kalata yako ndaiwerenga kawiri, kachiwiriko ndili pa makina, mpaka nesi adabwera kudzaona chomwe chakweza BP.

Ukuti panali kusamvana pang'ono. Ndani sadamve mnzake? Madzulo ake ndidakuuza ndili chiimire pakhomo la ofesi yako kuti lole ili ndi maliro mawa. Udayankha kuti wamva.

Madamu wako adawoloka nyanja kudzalipira sukulu ya kuno kuti apeze zomwe bambo ake ankachita ndi paketi ya shuga. Chabwino, iye wazipeza, ndipo ndikumupatsa ulemu. Iwe wangomva mawu akuti ubale, wathamangira kwa osindikiza. Wakalamba ndi dipuloma yako osaphunzira kanthu.

Pamsewu wathu pano pali mayi wa Chitchaina wogulitsa chakudya chonyamula. Pachikwangwani chake zilembo ziwiri zidagwa kalekale. Koma amadziwa kuti ine adandiletsa mchere, ndipo mwamuna wa Ennie atathyoka mwendo kuntchito, adatitumizira msuzi sabata yathunthu osafunsa kanthu. Kutsidya kwa msewu kudatsegulidwa shopu ina ya chakudya ya magetsi ophethira. Timapepala tawo totsatsa malonda tinkalowa pachitseko tsiku lililonse mpaka tinkayala m'bini. Khirisimasi isanafike anali atatseka. Sindikuti kulengeza n'koipa. A Guo akadalola wayilesi pang'ono, bwenzi ku Mzimba atatidziwa msanga, ndipo apo udanena zoona. Koma iwe udafuna wayilesi ilowe m'malo mwa miyendo.

Mndandanda ukuufunawo ndilibe. Ine sukulu ndidalekezera Sitandade 5, sindidalembepo dzina la munthu m'buku. Ndinkawadziwa chifukwa ndinkapitako. Ukalemba mu kompyuta yako kuti wa ku Madisi ndi mlamu wa a Chimwaza, kompyutayo idzapita kukagona pa siwa?

Kapu yako sindivala. Kangachepe kako ugulire mayi ako malata, akugona ndi beseni pabedi mwana wawo ali Head. Ndipo umve bwino apa, poti umati sitimamvana: nkhope yanga usaiike paliponse. Makamaka ku Mponela. Kumeneko nkhope imeneyi ndi ya chidakwa chomwe chidasiya mtembo ku mochale, ndipo adaipanga choncho ndiwe.

Kalatayi ibwera ndi Lusubilo, mtsikana wogwira ntchito yosamalira okalamba, anyamuka Lachitatu. Ikufika nthawi yako ya osindikiza isanakwane.

Malume ako,
Yotamu

Mponela, 26 May 2024

Achimwene,

Moni. Magalasi ndalandira, zikomo, ngakhale zomwe ndawerenga nawo koyamba sizidandikomere.

Kalata yanu ya kwa Rowland yafika dzulo. Lusubilo akuti kuntchito adamusinthira tchuthi kawiri chifukwa anthu adachepa, kalata idangokhala m'chikwama. Iye sankadziwa kuti ndi yachangu. Yafika chikwangwani cha nkhope yanu chitaima kale masabata atatu.

Cholakwa china ndi changa, ndivomere. Rowland adandifunsa mu Epulo kuti malume sakuyankha, nditani? Ine ndidati malume ako akakhala chete ndiye kuti avomera. Ndi mmene ndidakudziwirani.

Adachiika pamsewu, moyang'anizana ndi shopu ya a Chimwaza, akuti ndi pomwe pamadutsa anthu ambiri. Chachikulu ngati khoma la tchalitchi. Inu mwatsamira lole yomwe ija, mukuseka mano onse pamtunda, pansi alemba kuti Ubale Wathu, pa Mtendere ndi pa Mavuto. Mpando wa a Chimwaza udali utayang'ana pomwepo. Tsiku loyamba adalozera Peace kuti autembenuzire kukhoma. Tsiku lachitatu adakana kutuluka m'nyumba, ndipo mpaka lero sadatulukenso. Wina adakuthirani oyilo wakuda kumaso.

Peace adandipeza pamsika, pa anthu. Adati, "Mayi, achimwene anu adasiya amayi anga ku mochale ngati katundu wosowa mwini. Sitidawatengere kubwalo, tidangowasiya. Lero atumiza nkhope yawo kuchokera ku Ulaya kuti izidzaseka bambo anga pakhomo pawo? Tidawalakwira chiyani?" Ine ndidangogwira dengu langa. Ku Mvano amayi akundipatsa moni wa m'mphuno.

Madamu Meilin atamva adalamula kuti chichotsedwe, ndipo achotsa Lachinayi. Adafunsa Rowland chomwe chakwiyitsa anthu. Iye adati ndi nkhani yakale ya dalaivala ndi mowa. Koma madamuyo akuti ogulitsa asanu ndi awiri adamuuza kale kuti a Yotamu ngakhale pa ukwati ankamwa Fanta. Akubwera ku Sheffield mwezi wamawa ku ukwati wa mnzake wa kusukulu, ndipo adiresi yanu ali nayo.

Achimwene, ndagwira mwendo wanu. Rowland ali ndi ana anayi, nyumba akukhalayo ndi ya kampani, ndipo ine amandidyetsa ndi iyeyo. Sakugona, waonda. Mtsikanayo akakufunsani, mungoti zidachitika kale, simukukumbukira bwino. Inu ntchito simukuifunanso. Mudatisungira kamodzi, tisungireninso.

Mlongo wanu,
Aida

Rotherham, 23 June 2024

Aida,

Moni kwa iwe. Ine miyendo yayamba kutupa, ndipo adokotala ayamba kulankhula ndi Ennie kukhonde m'malo molankhula ndi ine. Kalatayi ndatumiza pa mtengatenga wolipira, sindikufunanso zikwama za anthu. Ukawerenga umupatse mwana wako awerenge yekha, poti ndi wophunzira.

Ukuti waonda. Aonde. Ine ndidaonda mu 2012, palibe adandilembera kalata.

Ukuti ndikhalenso chete. Kukhala chete koyamba kudandidyera ntchito ndi dzina. Kwachiwiri, komwe sikudali kwanga n'komwe, kwandipachika pamsewu kuti ndiziseka munthu wodwala. Kwachitatu mukufuna kundichite chiyani?

Mwana wa a Guo adabwera dzulo masana. Adakwera basi yekha kuchokera ku Sheffield, mvula ikugwa. Adavula nsapato pakhomo, adandipatsa moni m'Chichewa ndi manja awiri. Adabweretsa malalanje, omwe adokotala adandiletsa, koma ndidalandira. Kamera analibe, kapu analibe. Ola lathunthu sadatchule malata. Adandiuza kuti bambo ake akudwala ankatchula Madisi ndi Nkhamenya, achibale n'kumaganiza kuti mutu wasokonekera. Ine ndidamuuza za tsiku lomwe adadya mbewa ku Dowa kuti asakhumudwitse mwini shopu, n'kusanza njira yonse mpaka ku Kanengo. Tidaseka. Mwana uja magazi a bambo ake ali nawo. Rowland akadakhala ndi nzeru akadamunyamulira chikwama chaka chimodzi, pakamwa atatseka.

Atavala jekete kuti azipita adandifunsa kuti, "Bambo Yotamu, tsiku lija munamwa?"

Ndidati, "Sindidamwe."

Adati, "Nanga lole inali kuti?"

Ndidati, "Madamu, ine ndidali dalaivala chabe. Makiyi sankagona kwa ine."

Dzina sindidatchule, Aida, usandinenere zimenezo. Koma bodza lokha ndalephera kulisenzanso. Mtsikanayo si wopusa. Amene ankasunga makiyi chaka chimenecho angamudziwe asanamwe tiyi wa m'mawa. Ndidamupempha kuti asafunse munthu mpaka Julayi atathe, nkhaniyi ndi ya pabanja kaye. Adavomera. Adanenanso kuti munthu wodziulula yekha angathe kumusunga pantchito, koma wochita kumupeza ayi.

Ennie adali kukhitchini, adamva zonse. Adalira mpaka ana adatsika kudzafunsa kuti mummy what's wrong. Adafuna kukuimbirani iwe ndi Rowland pomwepo, ndidamulanda foni. Zomwe akadanena sizoyenera mayi wa Mvano kuzimva kuchokera kwa mwana wa mlongo wake.

Tsono mvera. Ntchito ya mwana wako sindikuifuna, ndingaitani ine ndili pa makina? Kupepesa kwake kwa ine sindikukufunanso, ndikudziwa kuti kungabwere kosindikizidwa pa T-shirt. Ndikufuna chinthu chimodzi ndisanafe.

Rowland apite kwa a Chimwaza. Asapite pa galimoto ya kampani, asanyamule mphatso, asatume munthu. Iwe upite naye, poti udalipo pachiyambi. Akakhale pansi, osati pampando, Peace ali pomwepo, akanene ndi pakamwa pake kuti lole adaitumiza ku Salima ndi iye, kuti malume ake adamuuza za maliro, ndiponso kuti malume ake sadamwe. A Chimwaza pakamwa padapotoka, koma makutu akumva.

Akakatha kunena, Peace aimbe pa foni ya Ennie, aike foniyo pakhutu pa bambo ake. Kaya adzandiyankha kaya sadzandiyankha, zimenezo n'zawo. Ine kumaliro kuja adandibweza panjira, ndipo mpaka lero sindidawapepese. Ndikufuna ndiwauze ndekha kuti, a Chimwaza, pepani ndi imfa ya mayi Tereza.

Achite changu. Ndife okalamba awiri, ndipo palibe akudziwa amene atsogole.

Ndine mlongo wako,
Yotamu